Ndinathamangira jezi nambala 6, phewa ndi mutu zinalipira

Rugby ndinayamba kuionera pa 2 November 2019, tsiku la fainolo ya World Cup pakati pa South Africa ndi England. Kunali pa Nchalo, m'kanyumba ka malata koonetsera mpira, 11 koloko m'mawa, nde amene mumakudziwa kuno mu November mukudziwa mmene munkatenthera mkati muja. Anthu ambiri anatuluka poti amadikira mpira wamiyendo wa madzulo, ine ndinatsala ndi anyamata atatu basi. South Africa inawina 32-12, kaputeni wawo Siya Kolisi ananyamula chikho atavala jezi nambala 6, ndipo nambala imeneyo inandilowa mumtima kuyambira tsiku lomwelo ngakhale malamulo a masewerawo sindinkawadziwa ndi limodzi lomwe.

Ine ndine wamtali, mamita 1.92, ndipo nthawi imeneyo ndinkalemera makilo 97. Ntchito yanga ndi kabaza wa njinga yakapalasa, komanso kumunda kwa amayi kuli mapira ndi thonje. Mu 2021 kunabwera achimwene ena amene anakhala zaka zambiri ku Joni, anabwera ndi mipira iwiri ya rugby n'kuyamba kuphunzitsa anyamata madzulo pa giraundi ya sukulu ina. Tinayamba anthu 9, kenako tinafika 14. Tonse tinkangowatchula kuti a Kochi. Tsiku loyamba atangondiona anandizungulira kamodzi n'kunena kuti, "Mphwanga, iwe ndi lock, usavutike n'kuganiza." Iwowo ankadziwana ndi anthu a timu ina ku Blantyre imene inkasowa anyamata akuluakulu akutsogolo, nde cholinga chinali choti tikakhwima tizikwera kumtunda kukawathandiza pa magemu.

Ndifotokoze kaye ntchito ya lock mmene thupi langa linaimvera, chifukwa pa TV simuiona. Ma lock amakhala awiri, nambala 4 ndi 5. Mu sikiramu, pomwe akutsogolo a matimu awiri amawerama n'kukankhana kulimbirana mpira, timu iliyonse imakhala ndi anthu 8, atatu kutsogolo (hooker pakati, ma prop awiri m'mbali), ndiye inu awiri mumalowa kumbuyo kwawo, mutu wako umalowa pakati pa chiuno cha hooker ndi cha prop, dzanja limodzi wakumbatira lock mnzako, linalo wapititsa pakati pa miyendo ya prop n'kugwira jezi yake kutsogolo. Refa akati crouch, bind, set, iwe umangomva kulemera kukubwera, msana ukhale wowongoka, chiuno chitsike, mastadi alume pansi, ukankhe. Mpira suuona. Makutu amapsa ndi kukhuzika, ine khutu lakumanja linatupa mwezi wachiwiri womwe mpaka ndinayamba kumanga tepi kuzungulira mutu. Mpira ukatuluka iwe ndiwe womaliza kudzuka, ukamadzutsa mutu gemu ili kale mamita 30 uko, uthamange ukafike pa ruck, pomwe anthu amalimbirana mpira munthu akagwetsedwa, uchotse munthu amene akufuna kuba mpira, udzuke, upite pa ruck ina. Pa lineout, pobwezera mpira m'gemu ukatuluka kunja, ndi pamene lock amaoneka pang'ono, anzako awiri amakunyamula m'mwamba iwe n'kuwakha mpira, ndipo timu ikamayambitsa gemu ndi kick yapakati ndiwenso umayembekezeka kuulandira. Zina zonse ndi ntchito ya mumdima.

Chaka cha 2022 chinayamba moipa, namondwe Ana anabwera mu January, madzi anadula msewu wa M1 kuno ku Chikwawa, Kapichira inaonongeka magetsi n'kukhala ovuta chaka chonse, ndipo giraundi yathu inali matope okhaokha kwa masabata angapo. Tinayamba kukwera ku Blantyre mu May. Minibasi inkandidya K4,000 kupita kokha, kubwerera chimodzimodzi, kuphatikiza chakudya ndiye Loweruka lililonse la gemu K10,000 imapita, komanso tsiku limenelo njinga yagona. Jombo ndinagula za kaunjika K15,000, saizi 12 kuipeza kwake ndinazungulira misika iwiri. Ndinasewera magemu 5 pa lock ndipo ndikayang'ana pano ndinkasewera bwino, lineout yathu inkadalira ine chifukwa panalibenso wina wopitirira 1.90, ma prop ankandikonda poti akamva phewa langa kumbuyo ankadziwa kuti sabwerera.

Chinandisokoneza ndi mawu amodzi. Msuweni wanga amene amakhala ku Ndirande anabwera kudzaonera gemu yachisanu, titamaliza ndili thukuta lokhalokha, khutu likutuluka magazi, anandifunsa kuti, "Koma asuweni munasewera? Ine sindinakuoneni mutagwira mpira olo kamodzi." Sananene moipa, ankangofunsa. Koma ndinatsika chitunda chonse cha Thabwa mawu amenewo akundizungulira m'mutu. Ndinawerengera ndalama zimene ndaononga, masiku amene njinga yagona, khutu lotupa, n'kumadzifunsa kuti zonsezi ndikuvutikira kuti munthu asandione n'komwe?

Lolemba lake ndinawauza a Kochi kuti ndikufuna nambala 6, blindside flanker, mmodzi wa ma flanker awiri amene amakhala m'mbali mwa sikiramu. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Anati, "Mphwanga, malo amenewo ukhoza kudzasewera, koma osati chaka chino. Maliza kaye kuphunzira lock. Mapapo ako sanafike." Ine ndinamva ngati akundipondereza. Apa ndi pamene ndinalakwitsa koyamba, ndinawadumpha n'kukalankhula ndi kaputeni wa timu ya ku Blantyre pa WhatsApp, ndipo iyeyo poti flanker wawo anali atasamukira ku Lilongwe anangoti bwera tidzakuyese. A Kochi anamva kwa anthu ena. Sanandikalipire, anangosiya kundiuza zambiri pa thirening'i, ndipo chete ameneyo anandipweteka kuposa kukalipa.

Pali chinthu china chimene ndikanakonda wina akanandiuza pachiyambi, nkhani ya manambala. Maiko ambiri blindside, flanker wa mbali yopapatiza ya sikiramu, amavala 6, openside wa mbali yotakasuka amavala 7. Ku South Africa n'zotembenuza, 6 ndi openside, blindside amavala 7. Ife kuno rugby yambiri timaonera ya South Africa pa SuperSport, ndiye ine miyezi yonse ija ndinkatsitsa mavidiyo a Kolisi n'kumaonera mmene amathamangira m'mbali mwa giraundi, mmene amalandirira mpira poyera, ndikuganiza kuti ndiyo ntchito imene ndikupempha. Munthu amene ndimayenera kumuonera anali Pieter-Steph du Toit, wovala 7, amene anayambira pa lock n'kusamukira pa blindside ndipo anasankhidwa kukhala wosewera wabwino padziko lonse mu 2019. Mukamaonera timu ya kumeneko muziyamba mwadziwa zimenezi, bandulo yanga yambiri inapita pa munthu wolakwika.

Kulakwitsa kwachiwiri kunali kwa thupi. Ndinadziuza kuti flanker ayenera kukhala wopepuka, ndiye ndinayamba kudzichepetsa dala. Nsima ndinatsitsa kufika mitanda iwiri, m'mawa tiyi yekha, ndipo ndinkathamanga masana dzuwa lili pamutu poganiza kuti thukuta lambiri ndiye mafuta akusungunuka. Imeneyo inali September kulowa October, kuno kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo kabaza sindinasiye. Mkodzo unkatuluka wofiirira, usiku minofu ya m'miyendo inkakokana mpaka kudzuka n'kumalira ndekha, ndikaimirira msanga maso ankachita mdima. Pa masabata 7 ndinatsika kuchoka pa 97 kufika pa 89. Amayi anandifunsa kuti, "Mwanawe, ukudwala chani ukubisa?" Kumapeto kwa October malungo anandigwira ndipo anandipeza thupi lilibe mphamvu, ndinagona masiku 9. Zimene zinachoka m'thupi sizinali mafuta okha ayi, minofu ya m'mapewa ndi m'khosi inapita nawo limodzi, ndipo imeneyo ndi imene imakuteteza pogundana. Ngati muli kuno kuchigwa thamangani 5 koloko m'mawa kapena dzuwa litapendeka, imwani madzi musanamve ludzu, ndipo tsiku lotuluka thukuta kwambiri sungunulani Thanzi mumwe. Kusadya sikupatsa munthu liwiro.

Gemu yoyamba pa 6 inali mu November. Ndinasangalala kuvala jezi ija, sindinama. Koma mphindi 20 zoyamba zomwe ndinazindikira kuti ntchitoyi sindikuidziwa. Blindside amakhala mbali yopapatiza ya sikiramu, kumene mzere wa kunja uli pafupi, ndiye sikiramu iliyonse umayenera kuona kaye kuti mbali yako ndi iti. Umagwira lock ndi dzanja limodzi, phewa lili pansi pa thako la prop, ukukankha ndithu koma mutu uli kunja maso ali pa mpira. Sungachoke mpira usanatuluke, ukachoka msanga ndi penate, ukachedwa sekondi imodzi nambala 8 wawo, amene amakhala kumbuyo kwenikweni kwa sikiramu, kapena scrum-half, amene amatola mpira ukatuluka, wadutsa kale pakhomo pako. Ine thupi linazolowera za lock, refa akati set mutu umangogwa pansi wokha maso n'kutseka, kukankha basi. Kawiri konse scrum-half wawo anadutsa mbali yanga ine ndikadali chiweramire. Ndipo kuthamanga kwake n'kosiyana, lock amayenda kuchoka pa ruck kupita pa ruck, pomwe flanker amayembekezeka kugwetsa munthu, kudzuka, kubwerera pa mzere, kugwetsanso wina, kunyamula mpira kukagunda nawo khoma la anthu, mphindi 80 zonse. Pofika mphindi 55 manja anali m'chiuno, miyendo ikunjenjemera. Mpira ndinaugwira kanayi, kawiri ndinaugwetsa.

Chimene sindinachiganizire n'komwe ndi dzenje limene ndinasiya kumbuyo. Malo anga pa lock anaikapo mnyamata wa makilo 80, wolimba mtima koma wopepuka, ndipo ineyo pambali paja ndinali nditachepa. Sikiramu yathu inayamba kubwerera m'mbuyo. Ndiye dziwani kuti sikiramu ikamabwerera amene amavutika koyamba ndi flanker yemweyo, chifukwa nambala 8 wa adani amatola mpira akubwera kale ndi liwiro pomwe iwe mapazi ako akubwerera chambuyo. Ndinafooketsa sikiramu ndi kusamuka kwanga, kenako ndinakaima pamalo pomwe kufooka kumeneko kumagwera.

Zinachitika pa gemu yachiwiri, chigawo chachiwiri chitangoyamba. Sikiramu inali pafupi ndi mzere wathu, mbali yopapatiza inali ngati mamita 10. Anatikankha, ndinamva mapazi akutsetsereka, nditadzutsa mutu nambala 8 wawo anali atatola kale mpira ali pa ine. Ndinachedwa, ndiye mmalo moponda kaye n'kuika phewa bwino ndinangodziponya, mutu unapita kutsogolo kwa maondo ake. Bondo linandipeza pamwamba pa khutu, ndinagwera phewa lakumanja iye n'kundigwera pamwamba. A Kochi ankatiuza mobwerezabwereza pa mchenga wa mtsinje wouma kumene tinkaphunzirira tackle, kugwetsa munthu amene ali ndi mpira, kuti tsaya lako likhale pa thako la munthuyo, mutu kumbuyo kwake, osati kutsogolo. Ndinkazidziwa. Koma munthu ukatopa ndiponso ukachedwa thupi limachita zake.

Ndinadzuka ndekha. Anandifunsa ngati ndili bwino ndinati ndili bwino, ndipo ndinaseweranso mphindi ngati 10 zimene mpaka lero sindizikumbuka, anzanga ndi amene anandiuza kuti ndinkafunsa zigoli kangapo konse komanso ndinakaima mbali yolakwika ya lineout. Uku kunali kulakwitsa kwachitatu ndipo ndi kumene kumandiopsa kwambiri ndikakumbuka. Malamulo a World Rugby amanena poyera kuti munthu akangoganiziridwa kuti ubongo wagwedezeka atuluke ndipo asabwererenso tsiku limenelo. Ine ndinabisa chifukwa ndinkaopa kuti ndikatuluka anena kuti nambala 6 yamukanika. Mukaona mnzanu akufunsa funso lomwelomwelo, akuyenda modzandira, maso ali mbuu, musamufunse ngati ali bwino chifukwa ayankha kuti eya. Muuzeni refa, mutulutseni.

Pobwerera minibasi inaima kawiri pa makhotolo otsikira ku Thabwa kuti ndisanze. Pofika pa Kamuzu Bridge magetsi a magalimoto ankandilasa m'maso ngati singano. Kunyumba ndinangoti ndatopa. Usiku umenewo ndinagona ndekha m'chipinda popanda wondiyang'anira, chimene pano ndikudziwa kuti n'choopsa, munthu wovulala m'mutu amafunika wina akhale naye pafupi ndipo akamasanza mobwereza apite kuchipatala nthawi yomweyo. Ine ndinapita tsiku lachitatu, ndipo chinandipititsa ndi phewa, dzanja linkakana kukwera ngakhale kuvala malaya. Atsibweni ndi amene anandiperekeza. Pachipatala choyamba magetsi kunalibe ndiye X-ray sinatheke, anandipatsa mankhwala opha ululu n'kundiuza kuti ndibwerenso. Ndinabwerera kawiri osatheka. Mapeto ake atsibweni anagulitsa mbuzi, tinakweranso ku Blantyre kuchipatala cholipira, kujambula ndi kuonana ndi dokotala K35,000, thiransipoti ya anthu awiri K16,000. Fupa silinathyoke, koma mitsempha imene imagwira pamene fupa la pansi pa khosi limakumana ndi phewa inang'ambika pang'ono, mpaka pano pali kachotupa pamenepo. Anandimanga dzanja pachifuwa, masabata 6 osanyamula kanthu. Dokotala atamva za kusanza ndi kuiwala anandikalipira kwambiri kuti n'chifukwa chani ndinadikira masiku onsewo.

Masabata 6 aja anakhala 9 ndisanakwerenso njinga ndi munthu kumbuyo. Pa tsiku ndinkapeza K3,000 kapena K4,000, muwerengere nokha. Njinga ndinabwereketsa kwa mnyamata wina kuti tizigawana, anaibweza sipoko zitatha. Inalinso nthawi yodzala, amayi analima okha ndi mlongo wanga wamng'ono ine nditakhala pakhonde, ndipo chimenecho chinandiwawa kuposa phewa. Mutu unkandipweteka pafupifupi mwezi, foni sindinkatha kuyang'ana nthawi yaitali, ndinkapsa mtima ndi zinthu zazing'ono. Atsibweni anandiuza kuti, "Mphwanga, mbuzi ija sindikuiwerengera, koma masewera akuphetsa awa uwasiye." Sindinawayankhe chifukwa panalibe choyankha.

A Kochi anabwera kudzandiona sabata yachiwiri, anabweretsa mazira 10 ndi mkaka. Sananene kuti ndinakuuza. Anangokhala, tinacheza za mvula, pochoka anati ukachira ubwere tidzakambe.

Kenako namondwe Freddy anabwera mu March 2023 ndipo za rugby zinaiwalika kaye, aliyense anali ndi zake, ena mwa anyamata athu anali m'makampu, mpira umodzi unapita ndi madzi. Tinayambiranso mu June anthu 7. Ine ndinabwerera ndi makilo 88, phewa loopa kugunda, mapapo a munthu amene wakhala miyezi osathamanga. Sindinali lock, sindinali flanker. Ku Blantyre anandiika pa benchi magemu atatu otsatizana, ndinkalipira minibasi kukakhala pansi n'kulowa mphindi 10 zomaliza, pena pa 5 pena pa 6, kulikonse kumene kwatsala dzenje. Anthu amati munthu wosewera malo awiri ndi wofunika, n'zoona, koma zimenezo zimakhala choncho ukakhala kuti malo amodzi unawagwira kale mpaka palibe angakuchotse. Courtney Lawes wa ku England, Tadhg Beirne wa ku Ireland, Franco Mostert, du Toit yemwe, onsewa amatha malo onse awiri koma ndi anthu amene ntchito ya lock anaidziwa bwinobwino. Ukakhala wa theka uku theka uku ndiwe woyamba kukhala pa benchi.

Mu July ndinapita kunyumba kwa a Kochi ndinapepesa za kuwadumpha kuja. Iwo anati tisakangane ndi pakamwa, bwera mawa 5 koloko. Anaika njerwa pa mamita 20, 40 ndi 60. Umathamanga kukafika pa 20 n'kubwerera, pa 40 n'kubwerera, pa 60 n'kubwerera, kasanu osapuma, zonse pamodzi mamita 1,200, amati Bronco. Ine ndinamaliza pa mphindi 6 ndi masekondi 10 ndipo ndinagona pansi. Mnyamata wina wa ku Ngabu amene ankafunanso nambala 6, wamfupi kwa ine koma wa chifuwa chachikulu, anamaliza pa 5 ndi 15 n'kumayendayenda akuseka. Kenako anatiika pa mchenga, kugwetsa thumba, kudzuka, kubwerera mamita 5, kugwetsanso, kwa mphindi imodzi, iye anachita 11 ine 7. Atatero anatipititsa pa lineout, anatinyamula aliyense mipira 10, ine ndinawakha 9 iye 4, ndipo onyamula ananena okha kuti ine m'mwamba ndimakhala chilili ngati mtengo pomwe iye amapindika. Pomaliza anatiika aliyense kumbuyo kwa prop mmodzi yemweyo n'kumufunsa prop kuti wamva bwanji. Anati wa ku Ngabu amakankha mwamphamvu masekondi atatu kenako amakwera m'mwamba, ine ngakhale ndachepa msana umakhala pomwepo.

A Kochi anandifunsa kuti, "Waona chani?" Ndinati ndaona. Anati, "Kutalika kokha sikupanga lock, ndipo kufuna kokha sikupanga flanker. Funsa thupi lako chimene limachita likatopa, ufunsenso timu chimene ilibe. Timu ija ma flanker ikhoza kuwapeza atatu mawa, koma munthu wa 1.92 wodziwa kulumpha kuchigwa kuno ndi kumtunda komwe ndi angati?" Anandiuzanso kuti ku timu zazikulu za kunja munthu wa msinkhu wanga akanamuika pa 6 chifukwa ma lock awo monga Eben Etzebeth amapitirira mamita 2, koma ine sindisewera kunja, ndimasewera kuno, ndipo kuno ndine wamtali kuposa onse. Mfundo imeneyo inanditsegula maso, ndinkadziyeza ndi anthu a pa TV mmalo modziyeza ndi anthu amene ndimakumana nawo Loweruka.

Ndinabwerera pa lock ndi mtima wonse. Kubwezeretsa thupi kunatenga miyezi 8, kuchepa kunali kwa masabata 7 okha. Ndalama ya zakudya za m'mabotolo ndilibe, ndinkadya zomwe zilipo, nsima ya mapira yokwanira, nyemba, mlamba wouma, mtedza m'thumba ndikamapalasa, mazira awiri patsiku ndikapeza, mkaka wa ng'ombe kwa aneba. Zonyamula tinapanga tokha, simenti m'zitini ziwiri za penti ndi chitsulo pakati. Khosi ndinkalimbitsa ndi thaulo, mnzanga akukoka ine ndikukana, mbali zonse zinayi, ndipo ndikanayamba zimenezi chaka choyamba. Phewa ndinkalikoka ndi chubu cha njinga tsiku lililonse mmene anandionetsera kuchipatala. Mantha ogunda ndi phewa lakumanja anatenga nthawi kuposa ululu, tackle yoyamba yeniyeni ndinaichita patatha pafupifupi chaka chivulalireni ndipo nditadzuka manja ankanjenjemera.

Pa 28 October 2023 ndinaoneranso fainolo m'kanyumba komwe kaja, 9 koloko usiku, jenereta ikulira panja. South Africa 12, New Zealand 11. Ulendo uno maso anga anali pa jezi nambala 7 ya du Toit, anagwetsa anthu maulendo 28 pa gemu imodzi. Ndinkawerenga mmene amadzukira msanga akagwetsa munthu, ngati pansi pakutentha, ndipo ndinadziwa mumtima kuti ntchito imene ndinkapempha ija ndi imeneyi, si ya kuonekera ndi mpira m'manja ayi, ndi ntchito ya mumdima yomweyo koma yothamanga kawiri. Ndinayang'ananso ma lock, Etzebeth ndi Mostert, mmene ankafikira pa ruck iliyonse, ndipo koyamba ndinaona kukoma kwa ntchito yanga yomwe.

Mu 2024 ndinasewera magemu onse pa lock, makilo 98, kumbuyo kwa prop nambala 3 kudzanja lamanja kumene sikiramu imalemera kwambiri. Ndine amene ndimaitana lineout tsopano, tili ndi zizindikiro zathu za m'Chisena zoti a kumtunda asamve. Mnyamata wa ku Ngabu uja ndi amene amavala 6 ndipo amagwira jezi yanga mu sikiramu, ndikamva akuchoka pambali panga ndimadziwa kuti nambala 8 wawo sapita patali. Bronco yanga yatsika kufika pa 5 ndi 40. A Kochi amandiika pa 6 mphindi 15 zomaliza gemu ikakhala kuti tawina kale, kuti ndiziphunzira pang'onopang'ono kudzutsa mutu, ndipo tinagwirizana kuti za kusamuka tidzakambanso ndikadzafika pa 5 ndi 20, osati ndisanafike.

Mbuzi ya atsibweni ndinabweza mu August, ndinagula pa msika wa Ngabu yaikazi ya bere. Phewa limandikumbutsabe kukazizira mu June ndiponso ndikanyamula matumba awiri a chimanga pa njinga. Mwezi watha kwabwera mnyamata wa Fomu 3 wochokera ku Bangula, wamtali kundiposa ndi chala chimodzi koma woonda, ndipo tsiku lachiwiri lomwe anandikokera pambali n'kunena kuti, "Achimwene, ine za kuika mutu m'matako mwa anthu sindikufuna, ndikufuna 6." Ndinamugwiritsa kachotupa ka paphewa panga, kenako ndinamuuza kuti abwere Lachiwiri 5 koloko m'mawa atadya, njerwa ndikaika ndine.